Amayi Akufuna Kukwatiwa

"Bwerezaninso, amayi. Mwina ndamvera kukhutu kolakwika."

"Wamva bwinobwino, Chisamba. Ndati ndikufuna kukwatiwa."

Chisamba, amene dzinali linamukanirira chifukwa ndiye anali woyamba kubadwa, anaika pansi mpeni wodulira buledi. Mwamuna wake anayamba kufunafuna makiyi amene anali m'manja mwake momwe. Kadona yekha, mwana wawo wa zaka ziwiri, ndiye anapitiriza ntchito yake yomenya supuni patebulo, atakhala pamiyendo pa agogo ake.

"Kukwatiwa ndi ndani?"

"Ndi a Maambulera."

Panalibe amene sankawadziwa a Maambulera. Ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, atazunguliridwa ndi nthiti za maambulera othyoka, ndipo mvula ikatha ankakonza zipi za zikwama kuti manja asaiwale ntchito. Anali bambo wamtali, waimvi, amene mkazi wake anamwalira kalekale. Apa m'pamene Chisamba anakumbukira kuti ambulera ya amayi ake inathyoka kangapo chaka chimenecho, ngakhale m'miyezi imene kunalibe ndi dontho lomwe.

"Amayi, zaka zanu zapitirira makumi asanu ndi limodzi."

"Ndimazidziwa, ndine ndazisenza. Mtima suvala nsanza, mwananga."

"Nanga anthu adzati chiyani? Kuntchito kwanga adzati chiyani? Munthu wa zidzukulu kumayenda mogwirana manja ndi wokonza maambulera?"

Amayi anayankha kuti anthu amene adzalankhulewo sanabwerepo ndi tsiku limodzi kudzawafunsa mmene agonera, ndiye pakamwa pawo pasawadetse nkhawa. Ananena izi akupukuta mkaka pachibwano cha Kadona, osakweza mawu.

Chisamba ankaphunzitsa pakoleji ya aphunzitsi, ndipo phunziro lake linali la kakulidwe ka munthu, kuyambira m'mimba mpaka kumanda. Zinthu zikamuvuta ankathawira ku mawu a m'kalasi, monga mmene ena amathawira ku pemphero. Choncho anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana ndi amayi ake, n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti katswiri wina anapeza kuti moyo wa munthu uli ngati makwerero a masitepe asanu ndi atatu, ndipo sitepe iliyonse ili ndi nkhondo yake. Khanda limalimbana ndi funso loti kodi dzikoli n'lodalirika. Wachinyamata amadzifunsa kuti ndine yani. Akakhwima pang'ono amafunafuna wapamtima, akapanda kumupeza amasungulumwa. Kenako pamabwera sitepe yolera ndi kusiyira kanthu obwera m'mbuyo. Yomaliza ndi yokhala pansi, kucheuka, ndi kuona ngati moyo unayenda bwino.

"Yachikondiyo ndi yachisanu ndi chimodzi, amayi. Munaidutsa kale ndi malemu abambo. Inu muli pa yachisanu ndi chiwiri, phazi lina likukwera yomaliza. Ntchito ya msinkhu wanu ndi imene mwaifukatayo."

Amayi anayang'ana mdzukulu wawoyo, kenako mwana wawo.

"Mmisiri amene anakhoma makwerero amenewa anati munthu satsika?"

"Satsika."

"Nanga ukaiwala chinthu pansi?"

Mwamuna wa Chisamba anaseka, koma ataona diso la mkazi wake anasandutsa chisekocho chifuwa. Anatsanzika apongozi ake mwaulemu, n'kunena kuti iye ndi munthu wa mawaya a magetsi, za makwerero amadziwa okhawo otsamiritsa pakhoma, ndipo amenewo amakwera n'kutsika tsiku lonse. Anatuluka liwu la mkazi wake lisanamupeze.

Amayi anabwera m'nyumbamo Kadona atangobadwa, akuti adzathandize mwezi umodzi. Mweziwo unali usanathebe. Ndiwo ankadzuka mwanayo akalira, ndiwo ankachapa, ndiwo ankadziwa kumene kuli sokosi iliyonse. Chisamba sankaganiza zimenezi ngati ntchito. Ankaziona ngati chikondi, ndipo chikondi sachipatsa tchuthi.

Sabata imeneyo anaphunzitsa ngati munthu wofuna chida m'nkhokwe. Pa akatswiri onse a m'buku lake panali wina amene anati zonse za munthu zimaumbidwa asanalowe sukulu, zotsalazo n'kungobwereza. Ameneyo sanamuthandize, chifukwa ubwana wa amayi ake sankaudziwa. Panali wina amene anatsata mmene nzeru za mwana zimakulira, koma anamusiya mwanayo atangotha msinkhu, ngati kuti munthu akamera ndevu nkhani yatha. Wamakwerero uja ndiye anali wake. Vuto linali limodzi. Pansi pa tsamba lomwelo panalembedwa kuti masitepewo si makoma, kuti nkhondo ya sitepe yakale imatha kubwereranso munthu akafedwa kapena moyo ukasintha. Chisamba ankaidziwa ndime imeneyi. Chaka chathachi anaiika pamayeso, ndipo amene anaiiwala anawachotsera malikisi. Chaka chino anaidumpha, n'kuuza ophunzira kuti nthawi yatha.

Anaimbira foni mlongo wake amene ankagwira ntchito kutali. Iye sanafune ndi kumva dzina la bamboyo. Anati manda a abambo awo sanaphwe n'komwe, ngakhale kuti anali atamera udzu kwa zaka zambiri ndipo iye anali asanapiteko chiikireni maliro. Anamaliza ndi kunena kuti, "Uli nawo pafupi ndiwe, mlongo. Uzimitse motowo usanagwire denga."

Chida chenicheni anachipeza Lachinayi, akuphunzitsa za mmene khanda limamatirira kwa munthu amene amalisamala. Madzulo ake anapeza amayi akusita malaya pakhonde la kuseri, Kadona akusewera ndi zopanira zovala pafupi ndi mapazi awo.

"Amayi, ndisanene za ine. Tinene za uyu. Mukudziwa kuti akagwa amathamangira kwa inu, osati kwa ine?"

"Ndikudziwa. Zimandimvetsa chisoni m'malo mwako."

"Ofufuza anapeza kuti mwana wa msinkhu uwu akasiyidwa ndi munthu amene amamudalira, bala lake silipola. Amakula wamantha, wosakhulupirira anthu. Ngakhale banja lake lam'tsogolo limadzavutika. Mukufuna kuti adzalipire ndi moyo wake wonse chifukwa cha ambulera?"

Simbi inaima. Chisamba anaona kuti muvi walasa, ndipo anachita manyazi pang'ono ndi mmene unalowera mosavuta. Ankadziwa kuti ofufuzawo ankanena za ana otayidwa opanda wowanyamula, osati mwana wokhala ndi mayi ndi bambo m'nyumba. Koma zimenezo anazisunga m'kamwa.

Amayi anati nyumba ya a Maambulera si kutsidya kwa nyanja, ndi ulendo wa basi imodzi. Anati azibwera m'mawa uliwonse, azichoka dzuwa likapendeka. Chisamba anayankha kuti mphuno imodzi silowa zala ziwiri, ndipo mwana sadziwa za basi, amangodziwa kuti wadzuka ndipo agogo palibe.

Amayi anazimitsa simbi, n'kukhala pampando.

"Tamvera, Chisamba. M'nyumba muno mumandiitana kambirimbiri pa tsiku. Amayi, thaulo lili kuti? Amayi, mwana wadya? Amayi, mwatseka mpopi? Sindikudandaula, ndinu ana anga. Koma bambo aja akandifunsa kuti mwadzuka bwanji, amaika pansi pulayala n'kudikira yankho. Ndikati bondo likuwawa, mawa lake amafunsa za bondolo. Chimwalirireni abambo ako ndinali ndisanamvepo munthu akufunsa za bondo langa kawiri."

"Tikupititsani kuchipatala za bondolo."

"Sindikunena za bondo."

"Ndiye mukunena za chiyani, amayi?"

Amayi anaimirira. Ananyamula Kadona n'kulowa naye m'nyumba.

Loweruka lotsatira amayi anapita kukaona mnzawo wodwala. Chisamba anali kuchonga mapepala a ophunzira pabalaza pamene anamva kugogoda pageti. Anapeza a Maambulera atavala jekete lakuda lowapitirira mapewa, nsapato zopukutidwa mpaka kuwala, chipewa chili m'manja. Pafupi, maso awo anali otuwa ngati galasi lopumiridwa mpweya.

Bambowo anapereka moni wautali, kufunsa za bambo wa pakhomo, za mwana, za kuntchito. Chisamba sanatsegule geti lonse. Kenako bambowo anafotokoza chimene anabwerera. Maso awo anali kufooka, ndipo mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala mumzinda wina wakutali, wakhala akuwakakamiza kuti asiye ntchito akakhale kwa iye. Iwo akhala akukana. Anamuuza kuti ali ndi chifukwa chokhalira. Tsopano mwanayo wanena kuti abwera ndi galimoto kumapeto kwa mwezi, ndiye iwo anafuna kumva mawu omaliza a amayi, komanso kuonana ndi ana awo maso ndi maso monga munthu wamkulu, osati wozembera kuseri.

"Sindinabwere kudzakulandani mayi, mwanangu. Mayi salandidwa. Ndabwera kudzapempha kuti masiku atsalawa tiziwotha dzuwa limodzi."

Chisamba anali asanakonzekere bodza. Linangobwera lokha, losalala, lovala bwino ngati phunziro lokonzedwa dzulo. Anati amayi aganizanso mofatsa. Aona kuti zinali zachibwana, ndipo akuchita manyazi kuwauza okha pamaso. Apempha kuti asawaimbirenso foni kapena kubwera, kuti nkhaniyi ife mwaulemu.

A Maambulera anatembenuza chipewa m'manja kawiri katatu.

"Anena okha choncho?"

"Anena okha."

"Zachibwana," anatero motsitsa, ngati akuyesa kulemera kwa liwulo. Kenako anati fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo iwo sangavutitse munthu amene anawachitira zabwino. Anapempha kuti awauze amayi kuti sanakwiye. Anavala chipewa n'kubwerera, akuponda mosamala m'mbali mwa msewu, dzanja lina likukhudza mpanda.

Madzulo amenewo amayi anapatsa Chisamba foni yawo kuti awalowetsere mayunitsi, monga ankachitira nthawi zonse, chifukwa timanambala tating'onoto tinkawavuta. Chisamba analowetsa mayunitsiwo. Kenako anapeza dzina la bambowo, analitsekera kuti lisaimbe, n'kusintha nambala imodzi pakati pake. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira.

Masiku oyamba amayi ankayenda ndi foni m'thumba la epuloni, n'kumaitulutsa kuti aone ngati yazima. Akaimba, mawu a makina ankawauza kuti nambalayo kulibe. Tsiku lina anabereka Kadona n'kupita kumsika, bondo likuwawa choncho. Pakhonde la sitolo paja anapeza mayi wina akugulitsa zikwama za mafoni, ndipo iye anangoti bambo aja anasiya kubwera. Kunyumba kwawo amayi sanapite. Anali a m'badwo umene mkazi salondola mwamuna amene wangoti zii.

"Unanena zoona, mwananga," anatero akubereula mwanayo. "Aona kuti ndine nkhalamba. Mawu a ophunzira amakoma akagonera."

Chisamba anayembekezera kuti amva kupepuka. Zonse zinabwerera m'malo mwake. Thaulo linkapezeka, mwana ankadya, mpopi unkatsekedwa. Koma amayi anasiya kuimba akamachapa. Anasiya kudzola mafuta onunkhira aja amene anayamba kugula chaka chino. Chakudya ankangochitembenuza ndi supuni. Kadona akawakoka chovala ankamunyamula ndithu, koma ngati mmene munthu amanyamulira ndowa.

Mwamuna wa Chisamba ndiye anayamba kulankhula. Anali pakhonde akumasula waya wa ketulo imene inapsa, osayang'ana mkazi wake.

"Mayi a Kadona, ine sindinapite kukoleji yanu. Koma foni ya amayi ndinaiona dzulo, anandipempha kuti ndione ngati yawonongeka. Siinawonongeke."

"Mwawauza?"

"Si ine wowauza. Amene anamanga mfundo ndiye amadziwa pomasulira."

Chisamba anati anachita zimenezo chifukwa cha mwana. Mwamunayo anafunsa kuti mwana uti, wa zaka ziwiriyo kapena wa zaka makumi atatu ndi zinayi amene akuopa kufunafuna wantchito. Aka kanali koyamba chikwatiranireni kuti nthabwala yake isakhale yoseketsa, ndipo iye mwini sanaseke.

Lamlungu masana amayi anaitana Chisamba kuchipinda. Anali atayala zovala zawo zabwino pabedi. Anayamba kumuuza kuti diresi yobiriwirayi idzapite kwa mng'ono wawo, nsapato izi kwa mnzawo wodwala uja ngati adzachire, ndolo izi adzasungire Kadona. Analankhula mofatsa, ngati munthu wogawa ntchito za pakhomo.

"Amayi, mukudwala?"

"Ayi. Koma si unati yotsala ndi yokhala pansi n'kucheuka? Ndacheuka. Ndaona kuti ndinalera, ndinaika mwamuna m'manda, ndinaleranso. Palibe cholakwika. Kungoti ndikayang'ana kutsogolo sindikuonako kanthu koti ndivalire diresi."

Lolemba Chisamba anali ndi kalasi ya sitepe yomaliza. Analemba pabolodi mawu awiri, kukhutira ndi kutaya mtima, n'kutembenuka kuti afotokoze kusiyana kwake monga ankachitira chaka chilichonse. Ophunzira anadikira, zolembera zili m'mwamba. Iye anaona bedi lija ndi diresi yobiriwira. Anawapatsa masamba oti awerenge okha, n'kutuluka choko chili m'manja.

Nyumba ya a Maambulera anaipeza pofunsa kumsika. Inali ya zipinda ziwiri, kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Pachitseko panali loko watsopano. Pawindo panalibe nsalu, ndipo mkati munkaoneka mpando umodzi ndi mulu wa zigwiriro za maambulera pakona. Mayi woyandikana nawo, amene ankayanika zovala, anabwera akupukuta manja.

Anati bambowo anatengedwa ndi mwana wawo sabata yatha. Kwa miyezi yambiri ankakana, mpaka kukangana naye pafoni anthu akumva. Koma tsiku lina anabwera atavala jekete, anakhala pakhomo mpaka dzuwa kulowa osalankhula ndi munthu, ndipo m'mawa mwake anaimbira mwanayo kuti abwere, palibenso chowasunga. Zipangizo zawo anagawira anthu.

Chisamba anapempha nambala yawo. Mayiyo anapukusa mutu. Anati foni ya bambowo mwana wawo anaitenga pomwepo asanakwere galimoto, akuti madokotala anena kuti munthu wamkulu ngati ameneyo asamasokonezedwe ndi anthu, apume. Dzina la mzindawo ankalidziwa, koma mzinda si mudzi woti ungafunse mwana wa panjira.

"Ndinu achibale?"

"Ayi," anatero Chisamba. "Ndikanakhala."

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Amayi anali pabalaza, Kadona atagona pamiyendo pawo. Chisamba sanakhale pampando. Anagwada pafupi ndi mapazi awo, chinthu chimene anali asanachite chichokereni kusukulu ya sekondale, ndipo ananena zonse motsatana: geti, jekete, mawu amene anawaika m'kamwa mwawo, foni, loko watsopano. Sanatchule katswiri aliyense.

Amayi anamvetsera osamudula. 

"Unawauza kuti ndati zinali zachibwana."

"Inde, amayi."

"Ndipo anakhulupirira."

"Anafunsa ngati munanena nokha. Anati ndikuuzeni kuti sanakwiye."

Amayi anatseka maso kwa kanthawi. Atawatsegula sanayang'ane Chisamba, anayang'ana pawindo.

"Mankhwala a m'maso aja satha kudzithira okha. Dzanja limanjenjemera, amathira patsaya. Ndinkawathira ndine pakhonde paja, anthu akuona. Amaopa ngati mwana, umayenera kuwagwira chipumi n'kumawalankhula zina." Anasisita Kadona pamsana. "Mwana wawoyo ndi wophunzira ngati iwe?"

"Akuti ali ndi udindo waukulu kuntchito."

"Ndiye kuti palibe amene akuwagwira chipumi."

Chisamba anayamba kunena kuti afufuza, afunsa anzake a mumzinda umenewo, alemba pa intaneti, mwina pakutha pa mwezi adzakhala atapeza poyambira. Amayi anamuyankha kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo iwo atuma munthu kokwanira. Ananyamula Kadona mosamala kuti asadzuke, n'kumuika m'manja mwa mayi ake.

"Uyu ndi wako. Akalira usamuwerengere buku, umuyendetse. Amakonda kuti dzanja likhale pamsana, osati pamutu."

Analowa kuchipinda. Chisamba anamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anaimirira pakhomo la chipindacho, mwana ali paphewa, n'kuona amayi ake akupinda diresi yobiriwira.

"Amayi, mzindawo ndi waukulu. Simudziwako munthu. Mukayambira pati?"

"Kuchipatala cha maso. Nkhalamba yosaona imafikako ndithu, tsiku lina. Ndikakhala pabenchi."

"Nanga akapanda kubwera? Nanga akakana kukuonani?"

"Ndiye ndidzamva ndi makutu anga, kuchokera pakamwa pawo." Anatseka sutikesi, n'kuidinikiza ndi bondo lowawa lija mpaka inatsekeka. "Uwauze bambo a Kadona andiperekeze kudepoti m'mawa. Iwe usabwere. Uli ndi kalasi."